Kusaka Nyama Zikuluzikulu ku Malambo: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka n'ka anthu a m'boma la Mambwe, m'madera a mafumu asanu ndi imodzi a Akunda: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Chilimwe chilichonse magalimoto a alenje achilendo amadutsa m'midzi yathu, mfuti n'kumalira kuthengo popanda womangidwa, pomwe mnyamata wopezeka ndi mwendo wa njati amakagona kundende. Kusiyana kwa awiriwa kudalembedwa m'malamulo. Munthu wosawadziwa amagwa m'mlandu, komanso sadziwa chofunsa pa ndalama zomwe ndi za dera lake.

Kodi mwini nyama za kuthengo ndani?

Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limaika nyama zonse za kuthengo m'manja mwa Pulezidenti, m'malo mwa dziko lonse. Nguluwe yolowa m'dimba mwanu si yanu, ngakhale dimbalo ndi lanu. Oyang'anira nyamazi ndi nthambi ya boma ya DNPW, yomwe idalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Kumudzi timangoti a gemu, ndipo ena mpaka pano amawatchabe a ZAWA.

Tisaganize kuti malamulo a kusaka adabwera ndi boma. Makolo athu anali nawo awo. Mlenje sankalowa m'thengo la mfumu mwachisawawa, ndipo akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unkapita kwa mfumu. Chimene chidasintha n'chakuti mphamvu idachoka pabwalo la mfumu n'kupita ku Lusaka.

Paki ndi GMA zimasiyana bwanji?

Mu paki simusakidwa nyama, simumangidwa mudzi, simulimidwa. Paki ya South Luangwa, yaikulu masikweya kilomita 9,050, idayamba ngati malo otetezera nyama mu 1938 ndipo idakhala paki mu 1972. Mbali yake yaikulu ili kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, koma chigawo cha Nsefu chili tsidya lino.

GMA ndi dera lomwe anthu ndi nyama amakhalira limodzi. Yathu ndi Lupande, imodzi mwa ma GMA 36 a m'Zambia. Muno timalima, timamanga, ndipo kusaka n'kololedwa kwa amene ali ndi laisensi. Lupande idagawidwa m'mabuloko osakamo, monga Upper Lupande ndi Lower Lupande. Buloko lililonse boma limalibwereketsa kwa kampani ya alenje kwa zaka zingapo, ndipo mgwirizano umenewu ndiwo umatchedwa konseshoni. Pakati pa paki ndi GMA palibe mpanda. Njati yomwe m'mawa inali yotetezedwa tsidya lija, ikawoloka mtsinje masana ikhoza kuphedwa mwalamulo tsidya lino. N'chifukwa chake zochitika mu Lupande zimakhudza paki, ndi ntchito zonse za m'maloji a ku Mfuwe.

Nyengo yosaka imayamba liti?

Alendo ochokera kunja, osaka mwa safari, kawirikawiri amayamba mu Meyi n'kutseka mu Disembala. Nzika ndi okhazikika m'dziko muno nyengo yawo ndi yaifupi, kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Masiku enieni amalengezedwa ndi unduna woona zokopa alendo, ndipo pakhala zaka zina zomwe boma silidatsegule n'komwe. Musadalire masiku a chaka chatha. Kafunseni ku ofesi ya a gemu.

Dzinja n'lotseka pa zifukwa zooneka ndi maso. Nyama zambiri zimakhala ndi ana aang'ono; nswala zimaswa mvula yoyamba ikangogwa. Udzu umatalika moti mlenje sangasiyanitse bwino yaimuna ndi yaikazi. Ndipo dothi lakuda la m'chigwa muno likanyowa, galimoto siliyenda, a gemu sangafike kukaona zomwe zikuchitika.

Ndili ndi laisensi ya mfuti. Kodi ndingasake?

Ayi. Laisensi ya mfuti imakulolani kusunga mfuti basi. Yosakira ndi ina, yochokera ku DNPW, ndipo imatchula dzina lanu, mtundu wa nyama, chiwerengero chake, dera ndi masiku. Ikanena njati imodzi ku Lupande, ndiye njati imodzi ku Lupande. Simungaibwereketse kwa mlamu wanu, simungaphere mvuu poti njati yasowa. Ya alendo imalipiridwa m'madola, ya nzika m'makwacha, ndipo ya mbalame ndi yosiyananso. Nyama, chikopa kapena nyanga zikamachoka kuthengo ziziyenda ndi chikalata chosonyeza kuti n'zanu mwalamulo. Pa rodibuloko ya msewu wa ku Chipata amafunsa chimenecho.

Mawu akuti kota timawamva pamisonkhano. Amatanthauzanji?

Kota ndi chiwerengero cha nyama za mtundu uliwonse zololedwa kuphedwa m'buloko pa chaka: njati zingati, mvuu zingati, ng'ona, ngoma, mbawala, nseula, njiri zingati. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kota ikakwera kuposa mmene nyama zikuswera, zaka zochepa buloko limatsala lopanda kanthu, kampani imachoka, ndalama zimatha, ndipo otsala ndi umphawi ndi ife. Ma GMA ena m'dziko muno adafika pamenepo.

Poika kota amayang'ana kawerengedwe ka nyama, malipoti a masikauti oyenda m'thengo, ndi kukula kwa nyanga za nyama zomwe zidaphedwa zaka zam'mbuyo. Nyanga zikamacheperachepera chaka ndi chaka, ndiye kuti zazikulu zikutha. Anthu a m'dera, kudzera m'bungwe lawo la CRB, amayenera kuikapo mawu boma lisanavomereze. Kota si chinsinsi cha kampani ndi ofesi. Munthu wa kwa Malama kapena kwa Kakumbi ali ndi ufulu wofunsa pamsonkhano kuti chaka chino njati zaikidwa zingati, zaphedwa zingati, ndalama zake zili kuti.

Pa safari amafuna zamphongo zokhwima. Chomwe mlendo amatengera kwawo, kaya ndi nyanga, mano, chigaza kapena chikopa, chimatchedwa tirofe. Nyama yaikazi yoyenda ndi mwana, ndi mwana yemweyo, sizikhudzidwa. Nyamalikiti wathu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa, ndi wotetezedwa, chimodzimodzi mimbulu ndi ngaka.

PH ndi ndani, nanga sikauti amapitiranji nawo?

PH ndi mlenje wa ntchito, wokhala ndi laisensi yotsogolera alendo. Mlendo saloledwa kusaka yekha. PH ndiye amaloza nyama yoyenera, amaona kuti mfuti ndi ya mphamvu yokwanira (pa njovu, njati ndi mvuu siichepera .375), ndipo zikalakwika amayankha ndi iye. Wolondola mapazi, yemwe nthawi zambiri ndi mwana wa m'mudzi momwemuno, amayenda patsogolo. Wa gemu kapena sikauti wa m'dera amapita nawo ngati diso la lamulo: amalemba nyama yomwe yaphedwa, tsiku ndi malo.

Nyama ikalasidwa n'kuthawa, magazi ataoneka pa udzu, imawerengedwa pa kota ndipo mlendo amalipira ngati waipha. Ikakhala yoopsa, monga njati kapena mkango, mlenje ayenera kuilondola, ndipo ikasowa akanene kwa a gemu msanga. Njati yovulala imabisala m'matsekera, ndipo woyamba kukumana nayo kawirikawiri ndi mayi wopita kukatola nkhuni.

Tidamva kuti kupha mikango kudaletsedwa. Bwanji ikuphedwabe?

Kudaletsedwadi. Mu Januwale 2013 nduna Sylvia Masebo idaimitsa kusaka mikango ndi anyalugwe poona kuti chiwerengero chake chatsika. Mu 2015 nduna Jean Kapata idalengeza kuti chiletso chachoka: anyalugwe chaka chomwecho, mikango kuyambira 2016. Zidabwerera ndi kota yaying'ono komanso lamulo la msinkhu. Wophedwa azikhala mkango wamphongo wamkulu, ndipo akatswiri amayeza zaka zake poona mano ndi chigaza. Chifukwa chake n'chakuti mukapha wamphongo amene akulamulira gulu, wina amabwera kudzalanda gululo n'kupha ana onse omwe wawapeza. Chipolopolo chimodzi chimatha mikango ingapo. A Zambian Carnivore Programme, omwe ali ku Mfuwe, amatsata mikango ya m'chigwa muno, ndipo adapeza kuti m'zaka za chiletso yamphongo idachuluka.

Ndi njira ziti zoletsedwa ngakhale uli ndi laisensi?

Kusaka usiku ndi tochi, kuwombera uli pa galimoto kapena kuthamangitsa nyama ndi galimoto, kutentha tchire pofuna kukusa nyama, poizoni, mbuna, ndi misampha ya waya.

Ya wayayi ndiyo yatipweteka kwambiri. Munthu amatchera khwekhwe pa njira ya kumadzi akufuna nswala ya ndiwo. Waya sasankha. Amakola chitamba cha mwana wa njovu, mwendo wa nyamalikiti, khosi la fisi kapena mkango. Nyama ikamakoka, waya amalowa m'mnofu mpaka pafupa, bala limagwa mphutsi, ndipo imayenda nalo milungu ingapo isanafe. Zambiri zimaolera pamsampha mwini wake asanabwere kudzaonera. A Conservation South Luangwa amathera nthawi yochuluka akuzula mawaya ndi kugoneka nyama kuti aidule waya. Njala ya ndiwo ndi yeniyeni m'chigwa chomwe kashembe adaletsa ng'ombe kuyambira kale, koma waya amawononga zambiri kuposa zomwe amafikitsa pa mbale. Amene akufuna kusiya, bungwe la COMACO lakhala likulandira mawaya ndi mfuti za gogodela, n'kuphunzitsa eni ake ulimi ndi kuwagula mpunga, mtedza ndi uchi.

Ndalama za kusaka zimapita kuti?

Mwa dongosolo lomwe lakhala likutsatidwa, theka la ndalama zolipirira nyama zophedwa limabwerera kudera: 45 peresenti ku CRB, 5 peresenti kwa mfumu. Pa ndalama za konseshoni dera limalandira 20 peresenti. CRB imasankhidwa kuchokera m'magulu a m'midzi otchedwa VAG, mfumu n'kukhala mtetezi wake. Ndalamazo zimalipira masikauti a m'dera, ntchito zachitukuko monga mijigo ndi midadada ya sukulu, ndi zoyendetsera ofesi. Kampani imayeneranso kupereka gawo la nyama kumidzi.

Maganizo amenewa adamera kuno. Mu 1950 Norman Carr adagwirizana ndi mfumu Nsefu kutsegula kampu ya alendo yomwe ndalama zake zinkapita kwa anthu a mfumuyo. M'zaka za m'ma 1980 kudabwera pulojekiti ya LIRDP, yothandizidwa ndi dziko la Norway, ndipo nthawi ina anthu a mu Lupande ankagawana ndalama za nyama pamanja pamsonkhano wa mudzi. Kuyambira 2016 ndalama zimayamba zalowa m'thumba la boma, ndipo ma CRB m'dziko muno akhala akudandaula kuti gawo lawo limachedwa. Dandaulo limeneli n'lomveka. Sikauti wosalipidwa miyezi ingapo sangalondere thengo ndi mtima wonse. Koma nafenso tizifunsa CRB yathu mabuku ake, chifukwa ndalama ikhoza kusowera ku Lusaka, ikhozanso kusowera pakhomo.

Njovu ikalowa m'munda, ndingaiwombere?

Kanenereni a gemu kapena masikauti. Iwo ndiwo ali ndi mphamvu yothamangitsa kapena kupha nyama yovutitsa. Lamulo limalola munthu kudziteteza moyo wake kapena wa mnzake ukakhala pangozi, koma akapha ayenera kukanena msanga, ndipo minyanga, chikopa ndi nyama ndi za boma. Pa mbewu zowonongeka lamulo silipereka chipukutamisozi. Apa lamulo latilemera, pakuti mlimi amene chimanga chake chatha usiku umodzi ndiye akusenza mtengo wa nyama yomwe dziko lonse limadyerapo. Zothandiza zomwe zilipo ndi alonda owombera tsabola, mipanda ya tsabola, ndi nkhokwe zolimba za simenti zomwe njovu singaphwasule.

Chilango chake n'chotani?

Wopha njovu kapena chipembere popanda chilolezo amalandira zaka zosachepera 5 m'ndende, mpaka 20, popanda mwayi wa faindi, ngakhale ndi mlandu woyamba. Wopezeka ndi minyanga kapena ngaka, zaka zosachepera 5. Mfuti ndi galimoto zogwiritsidwa ntchito zikhoza kulandidwa. Kuuma kumeneku kuli ndi mbiri yake. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 chigwa cha Luangwa chinali ndi njovu zoposa 80,000 ndi zipembere zikwizikwi. Pofika 1998 dziko lidavomereza kuti chipembere chatha m'Zambia. Zomwe zili ku North Luangwa lero zidachita kubwera ndi ndege kuchokera ku South Africa kuyambira 2003.

Nanga nyama yofa yokha, monga mvuu yopezeka pamchenga?

Imeneyonso ndi ya boma, ndipo kuitenga ndi mlandu. Koma choopsa kwambiri ndi matenda. Chilimwe chikafika pachimake, madzi atachepa ndipo mvuu zitathithikana m'maiwe, matenda a anthrax amabuka. Mu 2011 ku Chama, kumtunda kwa mtsinje womwewu, anthu mazanamazana adadwala atasenda ndi kudya mvuu zofa zokha, ndipo ena adamwalira. Kuwamba kapena kuyanika nyamayo sikupha kachilomboka. Mukaona mvuu kapena njati yofa, makamaka yotuluka magazi m'mphuno kapena kumatako, musaikhudze, agalu ndi ana atalikire, ndipo mudziwitse a gemu ndi a zaumoyo tsiku lomwelo.