Abwana Akufuna Makina Azidziyang'anira Okha: Ndiwayankhe Chiyani?

FUNSO

A Mlangizi,

Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina ya holoselo. Likulu lathu lili ku Limbe, ndipo tili ndi nthambi ku Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Mu dipatimenti yathu tilipo atatu basi, pomwe makompyuta ndi oposa 200, osawerengera maseva. Dzuwa limalowa tikungothamanga uku ndi uku: uyu wayiwala pasiwedi, uyo printa yamukanira, kwina disiki ya seva yadzaza osadziwa aliyense. Tsopano abwana akufuna tigule pulogalamu imodzi yoti iziyang'anira makina onse ndi kuika yokha ma update usiku, komanso tisamutsire maimelo ndi mafayilo onse ku Microsoft 365. Akuti zikatero mmodzi mwa ife sadzafunikanso. Ndikakana ndioneka ngati ndikungoteteza ntchito yanga. Ndikavomera, ndikuopa kuti tsiku lina tidzapeza makina onse afa nthawi imodzi. Ndiwalangize bwanji?

Wodandaula, Limbe

YANKHO

Musakane, akulu. Makompyuta 200 omwazikana m'mizinda inayi sangasamalike ndi manja a anthu atatu, ndipo disiki yomwe imadzaza inu osadziwayo ndi umboni woti zida zimenezi mukuzifunadi. Komabe mantha anuwo ali ndi maziko. Pulogalamu yomwe ingakonze makina 200 m'mphindi zisanu ingawonongenso onsewo m'mphindi zisanu zomwezo, chifukwa mphamvu yake ndi imodzimodzi, kaya lamulo lomwe yapatsidwa ndi labwino kapena lolakwika. Paja akuluakulu amati walira mvula walira matope. Choncho chida chilichonse chomwe mukufuna kugula chiyesedwe ndi mafunso awiri: chikalakwitsa, chidzakhudza makina angati tisanazindikire, ndipo tidzabweza bwanji zinthu mmene zinalili? Wogulitsa amene sangayankhe mafunso amenewa momveka asaone ndalama zanu, ngakhale pulogalamu yake ikhale yokongola bwanji pa sikirini.

Zomwe zinachitika Lachisanu pa 19 Julaye 2024 zikuonetsa chifukwa chake. Nthawi ili 6:09 m'mawa kuno kwathu, kampani ya ku America ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kakang'ono ku makompyuta a makasitomala ake omwe amagwiritsa ntchito pulogalamu yachitetezo ya Falcon. Kafayiloko kanali ndi vuto, ndipo kompyuta ya Windows iliyonse yomwe inakalandira inangoonetsa sikirini ya buluu, n'kumazima ndi kuyaka mosalekeza. Eni ake anakabweza pomwe inkakwana 7:27, patangotha mphindi 78, koma pofika nthawiyo makina pafupifupi 8.5 miliyoni anali atagwa kale, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft. Mabanki, zipatala ndi mabwalo a ndege anaima, ndipo kampani ya Delta Air Lines yokha inalepheretsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku otsatira. Chowawa kwambiri chinali kakonzedwe kake. Kompyuta yomwe ikulephera kuyaka singalandire lamulo kudzera pa netiweki, ndiye m'malo ambiri munthu ankayenera kufika pa makina alionse payekha, kuwayatsa mu Safe Mode, kulemba kiyi ya BitLocker ya manambala 48 ngati disiki ili yokiyidwa, kenako n'kufufuta fayiloyo. Yerekezerani zitakuchitikirani inu atatu, Mzuzu ili kutali chonchija.

Kulakwitsa polemba pulogalamu kumachitika kulikonse. Chomwe chinakulitsa ngoziyi n'chakuti fayiloyo inapita kwa onse nthawi imodzi, ndipo CrowdStrike yomwe inalonjeza pambuyo pake kuti mafayilo otere iziwatumiza pang'onopang'ono. Inunso chitani chimodzimodzi. Gawani makina anu m'magulu atatu kapena anayi. Gulu loyamba likhale makompyuta a inu a IT ndi ena ochepa a m'maofesi momwe ntchito singaime kompyuta imodzi itafa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri popanda dandaulo, update ipite ku gulu lachiwiri, mwina nthambi imodzi yathunthu. Matilu, makompyuta a ku akaunti ndi maseva akhale omalizira, ndipo asalandire chilichonse chatsopano kumapeto kwa mwezi pamene malipiro akukonzedwa. Microsoft Intune ndi WSUS zimalola kugawa magulu chonchi, ndipo Ansible ingauzidwe kugwira maseva ochepa pa nthawi imodzi ndi kuima ikaona kuti angapo alephera. Funsaninso wogulitsa ngati lamulo lanu lochedwetsa limakhudza zonse zomwe iye amatumiza. Makampani ambiri omwe anagwa mu 2024 anali atasankha kutsalira pa mtundu wakale wa Falcon, koma kusankhako sikunkakhudza timafayilo tamtundu umenewu.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, bola kumangochita zonse ndi manja. Nkhani ya Knight Capital ikutsutsa maganizo amenewo. Kampaniyi inkagula ndi kugulitsa masheya pa misika ya ku New York. Pokonzekera tsiku la 1 Ogasiti 2012, katswiri wina anakopera pulogalamu yatsopano pa maseva 7 mwa maseva 8, n'kuiwala imodzi, ndipo panalibe munthu wachiwiri womuunika. Msika utatsegulidwa, seva yotsalayo inayamba kuyendetsa pulogalamu yakale yomwe inasiya kugwiritsidwa ntchito kalekale, ndipo m'mphindi 45 kampaniyo inataya madola pafupifupi 440 miliyoni. Munthu amatopa ndipo amaiwala, makamaka pa ntchito yobwerezabwereza. Script yolembedwa bwino siiwala seva yachisanu ndi chitatu, ndipo ikasungidwa mu Git mnzanu angaiwerenge isanayendetsedwe, n'kuona yemwe anasintha chiyani komanso liti. Ntchito ya manja kawirikawiri siisiya mbiri yotere.

Nkhani yomweyi ili ndi phunziro pa mbali ya kuyang'anira. Bungwe loona za misika ya masheya ku America, SEC, litafufuza linapeza kuti m'mawa wa tsikulo msika usanatsegulidwe, makina a Knight anatumiza maimelo 97 osonyeza kuti chinachake sichili bwino, koma palibe anachitapo kanthu. Pulogalamu yoyang'anira mukangoiika mmene yabwerera, imakuwa pa chilichonse, ndipo pakatha milungu iwiri anthu amasiya kuwerenga. Uthenga wodzutsa munthu usiku ukhale wa zinthu zomwe zikufunadi munthu nthawi yomweyo: matilu sakulumikizana ndi seva, backup ya usiku yalephera, disiki idzaza mawa lisanafike, UPS yatsala pang'ono kutha magetsi atazima. Zina zonse zidikire lipoti la m'mawa. Ndipo mlonda asakhale m'nyumba yomwe akuilonda. Pa 28 Febuluwale 2017 wogwira ntchito ku Amazon analemba lamulo molakwika n'kuzimitsa maseva ambiri a S3, malo a Amazon osungira data, kuposa omwe ankafuna, ndipo tsamba lodziwitsa makasitomala za mavuto linalephera kusintha chifukwa nalonso linkadalira S3 yomweyo. Pa 4 Okutobala 2021, pamene Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6, zida zomwe mainjiniya akanagwiritsa ntchito pofufuza vutolo zinazima nawo limodzi. Ikani kachida kamodzi kunja kwa netiweki yanu kongoona ngati maseva akuyankha, ndipo kazikutumizirani SMS osadalira imelo ya kampani. Makiyi a BitLocker ndi ndondomeko yodzutsira maseva zikhalenso ndi kope lomwe mungalipeze ngakhale netiweki yonse itagwa.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi ichi: kuchedwetsa ma update n'kusiya khomo lotsegula kwa akuba a pa intaneti. N'zoona, ndipo musachipeputse. Koma yang'anani kutalika kwa nthawi. Pa 14 Malichi 2017 Microsoft inatulutsa chigamba chotseka bowo lomwe pulogalamu yoipa ya WannaCry inadzadutsira, ndipo WannaCry inabuka pa 12 Meyi, n'kusokoneza zipatala za NHS ku Britain mpaka odwala zikwizikwi kubwezedwa. Makina ambiri omwe anagwidwa anali atakhala pafupifupi miyezi iwiri opanda chigambacho. Ndondomeko ya magulu yomwe ndanenayi imatha m'masiku atatu kapena asanu, ndipo bowo likakhala loopsa lomwe akuba ayamba kale kuligwiritsa ntchito, mungaifupikitse kukhala maola, bola gulu loyamba lisadumphidwe. Kampani yomwe ili ndi ndondomeko yodalirika imaika zigamba msanga kuposa yomwe imaopa update iliyonse n'kumangoti tidzaona mwezi wamawa.

Kumbukiraninso kuti pulogalamu yoyang'anira makina onse imasunga makiyi a makina onsewo, ndipo akuba amadziwa zimenezo. Mu Disembala 2020 zinaululika kuti pulogalamu ya SolarWinds Orion inalowetsedwa zinthu zoipa, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 analandira update yoipitsidwayo. Mu Julaye 2021 akuba anadutsira pa pulogalamu ina yoyang'anira makina ya Kaseya VSA kufalitsa ransomware, moti masitolo a Coop ku Sweden pafupifupi 800 anatsekedwa matilu atasiya kugwira ntchito. Choncho aliyense wolowa mu chida chotere azitsimikiza kawiri, pasiwedi ndi kodi ya pa foni. Akaunti ya admin isakhale yomwe mumawerengera maimelo, ndipo khomo lolowera pa chidacho lisakhale poyera pa intaneti. Backup imodzi ikhale pamalo pomwe chidacho sichingafike n'kufufuta.

Pa za Microsoft 365, kusamukako kuli ndi phindu lenileni. Simudzasamaliranso seva ya maimelo, ndipo magetsi akazima ku Limbe anzanu a ku Mzuzu azipitiriza ntchito. Koma udindo wa data ukhalabe wanu. Fayilo yofufutidwa mu SharePoint imakhala m'bini masiku 93, ndipo imelo yochotsedwa kotheratu imabwezeka m'masiku 14 okha pokhapokha mutasintha nokha nthawiyo. Wogwira ntchito akafufuta mafayilo a misonkho inu n'kuzindikira patatha miyezi isanu, Microsoft sidzakhala ndi mlandu. Palinso zinthu zitatu za kuno kwathu zomwe wogulitsa sangathamangire kutchula. Choyamba, malayisensi amawerengedwa m'madola mwezi ndi mwezi, ndipo mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pomwe ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki. Chachiwiri, malo a Microsoft osungira data omwe tili nawo pafupi ali ku Johannesburg ndi Cape Town, ndipo intaneti yathu imadalira zingwe zodutsa m'mayiko ena. Zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka mu Meyi 2024, intaneti inavuta m'mayiko angapo a chigawo chino, Malawi yomwe. Mufunika makampani awiri osiyana okupatsani intaneti, ndipo matilu azitha kugulitsa ngakhale intaneti palibe. Chachitatu, lamulo loteteza data ya anthu la 2024, lomwe MACRA ndiyo imaliyang'anira, lili ndi ndime zokhudza kutumiza data ya anthu kunja kwa dziko, choncho loya wa kampani aone mgwirizanowo musanasayine.

Mwina abwana ati zonsezi zikweza mtengo. Zambiri mwa izi ndi kakonzedwe chabe, osati kugula. Zabbix, Prometheus, Grafana ndi Ansible zili ndi mitundu yaulere yomwe makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Chomwe zimadya ndi nthawi ya munthu wodziwa, ndipo apa ndi pomwe nkhani yochotsa mmodzi wa inu ikugwera. Payenera kukhala munthu wolemba ma script ndi wina wowaunika, woyang'ana gulu loyamba update ikadutsa, woyesa mwezi uliwonse ngati backup ikubwezadi mafayilo, komanso wodzuka SMS ikalira. Anthu awiri sangasinthane usiku chaka chonse wina osadwala kapena kupita kutchuthi. Ngakhale Google, yomwe ili ndi zida zotere kuposa wina aliyense, inakhazikitsa lamulo loti mainjiniya ake osamalira masisitimu asathere nthawi yoposa theka pa ntchito zobwerezabwereza, kuti theka linalo azikonzera zidazo. Nthawi yopulumutsidwa imabwerera ku ntchito yomwe panopa simukuigwira n'komwe.

Pitani kwa abwana ndi pepala limodzi, ndipo mawu oyamba akhale ovomera. Lembani kuti miyezi iwiri yoyamba muika zoyang'anira zokha, zongoona osasintha kanthu, kuti mudziwe makina omwe muli nawo ndi mavuto omwe amabwera kawirikawiri. Kenako muyamba kupatsa makina ntchito zomwe zingabwezeke mosavuta, monga kusintha pasiwedi ndi kuyeretsa madisiki, ndipo ma update atsatira m'magulu. Maimelo asamuke dipatimenti imodzi imodzi, backup yapadera ili kale m'malo. Za chiwerengero cha antchito apempheni zidikire miyezi 12, kuti podzakambirana mudzakhale ndi manambala ochokera ku chida chomwe iwo eni agula: maola omwe matilu anaima, madandaulo omwe analowa, ndi nthawi yomwe zinatenga kubweza seva pa tsiku loyeserera.