Mwamuna Salira, Katapila Saiwala

Sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, korona asanapezeke n'komwe m'dziko muno. Odwala atatu oyamba anadziwika pa 2 Epulo ku Lilongwe. Aphunzitsi a boma ankalandirabe malipiro. Ambiri a m'sukulu za pulaiveti anangouzidwa kuti popanda fizi, malipiro palibenso.

Ku Chilobwe, mu Blantyre, kunali aphunzitsi awiri otere, oyandikana nyumba za lendi. Wa Chingerezi anafika kunyumba tsiku lomwe sukulu zinatsekedwa n'kuwauza akazi ake kuti, "Mayi, ntchito yaima, tichite bwanji?" Anatumiza ana kwa agogo awo ku Thyolo, poti inali nyengo yokolola, iye n'kuyamba kuoda tomato ku Limbe. Ana a sukulu akamuona pabenchi ya tomato ankatsinana n'kumaseka. Iye ankangowafunsa kuti akufuna wa zingati.

Wa masamu anasankha ulemu. Anawanamiza akazi ake kuti eni sukulu alonjeza theka la malipiro, ndipo m'mawa uliwonse ankamanga tayi n'kutuluka, ati akukakonza manotsi. Ankakathera pabawo. Mwezi utatha anapita kwa wakatapila, anatenga K60,000 yoti adzabweze K90,000, n'kukaiika patebulo ngati malipiro. Mwezi wotsatira anakongola kwa wachiwiri kuti atseke pakamwa woyamba.

Tisafulumire kumuseka. Munthuyu analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo malo amene bambo amapepukirako mtima anali atachepa. Kutchalitchi ankalowa owerengeka, mpira unaimitsidwa, kumaliro anthu ankauzidwa kuti asachuluke. Mandasi a mayi anasowa ogula, chifukwa ogulawo anali ana a sukulu omwewo. Mavenda anali ndi kolirira: anachita zionetsero, ndipo pa 17 Epulo khoti lalikulu linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 umene boma linalamula. Koma ngongole yobisa ilibe zionetsero, ilibenso khoti. Bamboyo tulo tinamuthawa, nsima ankangoitsina, foni ikalira ankathamangira kuseri kwa bafa. Mnzake wa tomato atamufunsa kuti, "Achimwene, mwaondatu, kwagwanji?" anayankha kuti ndi kamalungo chabe.

Sanali yekha. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 anali 116, ndipo ochuluka zedi anali amuna. Ife tinkangowerenga ziwerengero za korona madzulo aliwonse, izi osazilabadira.

Sukulu zinayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala, koma malipiro a wa masamu uja ankangodutsa m'manja kupita kwa eni ngongole. Kenaka kunabwera Januwale wa 2021, mwezi umene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, sukulu n'kutsekedwanso. Apa wakatapila analeka kuimba foni. Anatumiza anyamata masanasana, n'kunyamula wailesi yakanema, matiresi ndi makina osokera amene mayi anagula ndi ndalama za banki mkhonde. Mayiwo anaima pakhonde atagwira chipande, akufunsa kuti, "Ngongole yake iti?" Oyandikana nawo onse akuonerera.

Usiku umenewo bamboyo sanagone pakhomo. Amene anamupeza m'bandakucha, atangokhala m'mbali mwa msewu akulankhula yekha, anali wa tomato uja, ndipo ndiye anamuperekeza kuchipatala.

Nkhani itafika kwa ankhoswe, mayi sanadandaule za umphawi. Anati njala akanaipirira, mchimwene wawo akanathandiza pa lendi, ngakhale kubwerera kumudzi akanalola. Chimene sakanatha n'kukhalanso ndi munthu amene anawadyetsa bodza miyezi khumi. Anatenga ana n'kupita kwawo ku Ntcheu. Makina osokera aja sanabwerere, ndipo korona, amene tonse tinkamuopa, m'nyumba imeneyo sanalowemo.