Mafunso ndi Mayankho: Malabala a Pansi pa Kebu ya Pikiapu Yakale

Pa makalata omwe afika sabata ino ndasankhapo atatu, ndipo onse akukhudza chinthu chimodzi: malabala okhala pakati pa kebu ndi chasisi, aja kugalaja timati mamaunting'i.

Yoyamba yachokera ku Dedza. Bambo awa akuti: "Ndili ndi Toyota Hilux ya 1982 yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Injini ndinakonzetsa, ikulira bwino. Koma chitseko cha kwa dalaivala sichitsekeka pokhapokha nditachinyamula, ndipo pa msewu wafumbi pansi pa mpando pamamveka gu! gu! Ena akuti ndi mashokabu. Ndiyambire pati?"

Zikomo bambo posunga galimoto ya malemu. Musanagule kalikonse, iimikeni pamalo pathyathyathya, muime chapatali, muiyang'ane cham'mbali. Mzere wa pa chitseko uyenera kulunjikana ndi mzere wa pa bodi yakumbuyo, ndipo mpata wa pakati pa kebu ndi bodi ufanane kumanja ndi kumanzere. Masipuling'i akafooka, galimoto yonse imapendekera limodzi. Koma ngati yatsika ndi kebu yokha, bodi ili chilili, mlandu si wa mashokabu.

Kebu ya pikiapu yotere sanaiwotcherere ku chasisi. Imakhala pa malabala, kawirikawiri malo anayi pansi pake ndi ena awiri kutsogolo, pafupi ndi rediyeta. Pamalo aliwonse pali malabala awiri, kapaipi kachitsulo pakati, mawashala aakulu, ndi bawuti yodutsa zonsezi. Galimoto ikamalowa m'maenje chasisi chimapindika pang'ono, ndipo malabalawa ndiwo amameza kupindikako. Atatha zaka zoposa 40 akumwa dzuwa, oilo ndi matope, amauma, kung'aluka ndi kuphwatalala. Zikatero kebu imakhala pa chitsulo, nayonso n'kuyamba kupotoka. Chitseko chanucho chikungonena zomwe zachitika pansi.

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse, bambo, chifukwa ambiri amapadumpha. Pamalo pomwe pakhala malabala pamasunga matope, matope amasunga madzi, madzi amabala dzimbiri. Chotsani kapeti m'kebumo, lowaninso pansi ndi tochi, mubaye ndi sikuludilaiva chitsulo chonse chozungulira bawuti, cha ku kebu ndi cha ku chasisi chomwe. Chikamathothoka kapena kubooka, malabala atsopano sathandiza kanthu. Kuli ngati kukhoma malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe. Ndimamva chisoni ndikaona pikiapu yopentedwa bwino, mipando yosokedwa mwaluso, koma kebu yake yagwira pa dzimbiri lokhalokha. Tsiku langozi mabawuti amenewa ndiwo amaletsa kebu kuchoka pa chasisi, ndipo m'kebumo mumakhala anthu. Choncho powola padulidwe, pawotchereredwe chitsulo cholimba chokhuthala ngati choyambacho, papakidwe penti yoteteza dzimbiri. Wowotcherera asayambe batire isanachotsedwe.

Kasinthidwe kake ndi kotere. Kwa masiku angapo muzithira mafuta omasula dzimbiri, monga WD-40, pa mabawuti onse. Tsiku lantchito masulani onse pang'ono, koma muchotse a mbali imodzi yokha. A mbali inayo ndiwo agwire kebu kuti isasunthe. Jeke musaiike pa chitsulo chopyapyala cha pansi popondapo, chidzapindika. Pezani polimba, muikepo thabwa lokhuthala pakati pa jeke ndi kebu, mukweze pang'onopang'ono mpaka malabala atangotha kutuluka basi. Wina akamakweza, wina aziyang'ana mapaipi a mabuleki ndi a kilatchi, mawaya, chingwe cha handibuleki ndi chitsulo cha chiwongolero, kuti pasakhale chokokeka. Kebu ikakwera, lowetsani kathabwa kena pakati pa kebu ndi chasisi musanaikepo dzanja. Jeke imatha kutsika yokha mosachenjeza, ndipo zala sizimera kawiri.

Mukapeza timawashala topyapyala pamwamba pa malabala akale, musatitaye. Anatiika kuti kebu ikhale molingana, ndiye tiwerengeni, tibwerere pomwe tinali. Mabawuti musawamange zolimba mpaka onse atalowa. Yesani zitseko, onani mizere ija, zungulitsani fani ndi dzanja kuti mutsimikize kuti sikukhula penapake, kenaka mumange malinga ndi muyeso wa m'buku la galimotoyo. Mukayenda nayo masiku angapo, mudzawayesenso ndi sipanala, chifukwa malabala atsopano amakhazikika.

Kalata yachiwiri yachokera kwa achimwene athu omwe akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Abwana anga andipatsa ntchito yowathandiza kukonza Chevrolet C10 ya 1970. Mabawuti a kebu agwirana ndi dzimbiri moti sipanala ikungoterereka. Mnzanga akuti tiwawotche ndi gasi. Kodi ndi bwino?"

Achimwene, imani kaye. Pa C10 za zaka za 1967 mpaka 1972 thanki ya petulo ili m'kebu momwemo, kuseri kwa mpando; anaitulutsa kunja kwa kebu kuyambira pa za 1973. Ndiye moto womwe mnzanuyo akufuna kuyatsa ukhala pafupi kwambiri ndi petulo. Thanki yopanda mafuta ndiyo yoopsa koposa, chifukwa chimaphulika ndi mpweya wake. Ngati simungachitire mwina, thankiyo ichoke kaye pamodzi ndi mpando ndi kapeti, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi. Koma njira yomwe ine ndimakonda ndi yodula. Nthawi zambiri bawuti imakhala itamatirana ndi kapaipi kaja, ndiye mukweze kebu pang'ono, mulowetse sowo yodulira zitsulo, mudule zonse pamodzi. Mabawuti akalewo safunikanso. Mugule atsopano olimba, okhala ndi chizindikiro cha kulimba kwake pamutu, osati ongotola pamsika, ndipo muwapake girisi pang'ono pathupi kuti wodzamasula mtsogolo asavutike. Mukamakweza kebu kumbukiraninso paipi yochokera ku thanki kupita ku chasisi; imasuleni, ingaduke.

Yomaliza ndi ya mayi a ku Nkhotakota omwe pikiapu yawo imanyamula mpunga ndi nsomba. Akuti makaniko wawo akufuna kudula tayala lakale kuti likhale malabala, pomwe kusitolo awauza za ena ofiira olimba. Akufunsa kuti asankhe ziti.

Mayi, amisiri athu apulumutsa magalimoto ambiri ndi zidutswa za matayala, ndipo luso limenelo ndimalilemekeza. Kukufikitsani kunyumba zimatha. Vuto ndi lakuti zidutswazo sizifanana kukhuthala, ndiye kebu imakhala chopendekera, komanso nthawi zambiri kapaipi kapakati amakasiya. Popanda kapaipiko bawuti ilibe poimira: mukamanga imangofinya, mawa yamasuka. Ofiira aja ndi a polyurethane. Amakhalitsa ndipo oilo sawawononga msanga, koma ndi ouma, moti kunjenjemera kwa msewu kumakufikani m'chiuno, ndipo osawapaka girisi wake amalira. Pa misewu yathu ya mabampu, kebu yakale yomwe chitsulo chake chatopa imafuna chofewa pansi pake. Ine ndikanasankha malabala enieni opangidwira galimoto yanuyo. Popita kukagula munyamule akalewo pamodzi ndi nambala ya chasisi, muwayerekeze pakauntala pomwepo, chifukwa akutsogolo ndi akumbuyo nthawi zambiri amasiyana kukula. Ndipo poti kwanuko ndi kunyanja ndipo mumanyamula katundu wodontha madzi, muzitsuka kunsi kwa galimoto kawirikawiri, makamaka nyengo yadzinja, kuti matope asagone pa malabalawo.