Phunziro 18: Kukonzekera Ulendo wa Pagalimoto M'mbali mwa Nyanja Yamchere

Pali anthu amene amakonda magalimoto monga momwe mlimi amakondera ng'ombe zake. Ena mwa iwo amasunga magalimoto akale, a zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo amawasamalira kuti aziyendabe. Injini ikangosintha kaliridwe, iwo amadziwa kuti penapake pavuta. Nthawi ya tchuthi ikakwana, anthu otere amapangana ulendo ndipo amanyamuka mondondozana. Cholinga chawo sichikhala kufika msanga ayi, koma kusangalala ndi msewu pamodzi ndi malo okongola amene msewuwo wadutsamo.

Misewu imene anthuwa amaikonda koposa ndi ya m'mbali mwa nyanja. Agogo ambiri akamatchula nyanja amakhala akukumbukira Nyanja ya Malawi, imene madzi ake alibe mchere. Koma palinso nyanja zina zazikulu kwambiri, za madzi amchere. Dziko la Zimbabwe, monganso Malawi ndi Zambia, silinachite malire ndi nyanja yotere. Wofuna kuiona angathe kupita ku Mozambique kapena ku South Africa. Msewu wa N1 umayambira pa Beitbridge, pamene pali mlatho wa pa mtsinje wa Limpopo, ndipo umakathera ku Cape Town, mtunda wa makilomita oposa 1,900.

Phunziro lino likufotokoza momwe gulu la okonda magalimoto lingakonzekerere ulendo wochoka ku Cape Town kukafika ku Storms River. Ulendo wotere umakoma ukakonzedwa bwino anthu asananyamuke. Ukapanda kukonzedwa, ungathe kuthera m'ngozi.

Kusankha njira

Ntchito yoyamba ndi kuyala mapu patebulo ndi kugawa ulendo m'masiku. Njira yonse ndi ya makilomita pafupifupi 800. Galimoto yatsopano ingathe kumaliza mtunda umenewu tsiku limodzi, koma apaulendo sangaone kanthu. N'chifukwa chake ulendowu umayenera masiku asanu.

Tsiku loyamba gulu limachoka ku Cape Town kupita ku Hermanus, makilomita pafupifupi 180. Panjira pali misewu iwiri yotchuka. Woyamba ndi Chapman's Peak Drive, umene uli pakati pa Hout Bay ndi Noordhoek. Msewu umenewu adausema m'mbali mwa phiri kuyambira m'chaka cha 1915 mpaka 1922, ndipo ntchito yaikulu adaigwira ndi akaidi. Ndi wautali makilomita 9 okha, koma uli ndi makona 114. Mbali ina kuli thanthwe, mbali inayo kuli phompho, ndipo pansi pa phompholo mafunde amakhala akuwomba miyala. Wachiwiri ndi Clarence Drive, umene umachoka ku Gordon's Bay kupita ku Rooi-Els. Pomanga msewu umenewu padagwira ntchito asilikali a ku Italy amene adagwidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Tsiku lachiwiri ulendo umalowera ku Cape Agulhas, kumene kuli mapeto a Africa chakummwera. Pamalo amenewa ndi pamene amati nyanja ya Atlantic imakumana ndi nyanja ya Indian. Kuchoka pamenepo gulu limakagona ku Swellendam, ndipo mtunda wa tsikulo umakwana makilomita pafupifupi 240. Tsiku lachitatu limatsata msewu wa N2 mpaka ku Mossel Bay, makilomita pafupifupi 170. Wowerenga mapu bwino amaona kuti masiku awiriwa msewu umatalikira nyanja, n'kumadutsa m'minda ya tirigu ndi m'mafamu a nkhosa. Ndi bwino kuti apaulendo adziwiretu zimenezi, kuopa kuti angakhumudwe. Ku Mossel Bay nyanja imaonekanso. Kumeneku ndi kumene Bartolomeu Dias, woyenda panyanja wa ku Portugal, adakocheza m'chaka cha 1488.

Masiku awiri otsiriza ndi a chigawo chotchedwa Garden Route. Tsiku lachinayi msewu umadutsa ku George ndi ku Wilderness mpaka ku Knysna, makilomita pafupifupi 110. Tsiku lachisanu umadutsa ku Plettenberg Bay, n'kulowa m'nkhalango ya Tsitsikamma mpaka ku Storms River, makilomita pafupifupi 90. Panjira imeneyi pali mlatho wa Bloukrans, umene uli mamita 216 pamwamba pa mtsinje.

Kusankha nyengo

Akulu adati safunsa adadya phula. Wokonza ulendo ayenera kufunsa za nyengo ya kumene akupita, chifukwa siifanana ndi ya kwawo. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi mvula imagwa m'nyengo yotentha, koma ku Cape Town imagwa kwambiri m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Mvula ndi mphepo zikakula, miyala imagumuka m'phiri. M'chaka cha 2000 msewu wa Chapman's Peak udatsekedwa chifukwa cha ngozi za miyala yogwa, ndipo udatsegulidwanso mu Disembala 2003 atamanga maukonde achitsulo ogwira miyalayo. Ngakhale masiku ano amautseka nyengo ikaipa. Choncho gulu liyenera kufunsa m'mawa wa tsikulo ngati msewu uli wotsegula, ndiponso kukhala ndi njira ina yodzera.

Mwezi wa Disembala nawo uli ndi vuto lake. Sukulu zimakhala zitatsekera, misewu imadzaza ndipo malo ogona amakwera mtengo. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi yabwino chifukwa mvula imakhala itachepa. Komanso kuyambira Juni mpaka Novembala anamgumi amabwera pafupi ndi gombe la Hermanus, moti munthu amatha kuwaona ataima kumtunda.

Kuwerengera mafuta ndi ndalama

Kukonza ulendo kumafuna masamu. Ngati galimoto imamwa malita 10 a petulo pa makilomita 100 alionse, pa makilomita 800 idzamwa malita 80. Mwini galimoto amachulukitsa malita amenewa ndi mtengo wa lita imodzi kuti adziwe ndalama za mafuta. Asaiwalenso kuti aliyense wopita ayenera kubwerera, ndipo ulendo wobwerera umafunanso mafuta ake. Pamwamba pa apo pali ndalama za chakudya, za malo ogona ndi za pa zipata zolipirira msewu, monga cha ku Chapman's Peak ndi cha ku Tsitsikamma. Wanzeru amasungako ndalama zina zapadera zoti zithandize galimoto ikawonongeka. Pamapu amalembanso chizindikiro pa tauni iliyonse imene ili ndi malo omwetsera mafuta, ndipo sadikira kuti thanki iume.

Kukonza galimoto

Kukadali sabata ziwiri ulendo usanayambe, galimoto iyenera kupita kwa makaniko. Iye amayang'ana mabuleki, matayala, oyilo, madzi oziziritsa injini, batire, magetsi ndi zopukutira galasi. Mabuleki ndi ofunika kwambiri pa misewu ya m'mapiri. Akagwira ntchito nthawi yaitali pamtsetse amatentha, ndipo akatentha sagwira bwino. N'chifukwa chake woyendetsa wodziwa amatsika phiri ali pa giya yaing'ono, kuti injini ithandize kuchepetsa liwiro.

M'galimoto muyenera kukhala tayala lapadera lopopa bwino, jeke, masipanala, tochi, madzi akumwa, bokosi la mankhwala ndi chizindikiro chofiira cha ngodya zitatu chochenjezera ena galimoto ikafera pamsewu. Woyendetsa asaiwale laisensi ndi mapepala a galimoto. Wochokera kunja kwa South Africa amafunikanso pasipoti. Ulendo ukatha, galimoto iyenera kutsukidwa bwino, ndi kunsi komwe, chifukwa mpweya wa kunyanja uli ndi mchere umene umachititsa dzimbiri.

Malamulo a gulu pamsewu

Magalimoto ambiri akamayenda limodzi, pamafunika mgwirizano. Patsogolo pamakhala munthu wodziwa njira, ndipo iye amayenda pa liwiro limene galimoto yakale kwambiri ingakwanitse. Pambuyo pamakhala galimoto yonyamula zipangizo, kuti wina akavutika asatsale yekha. Pakati pa galimoto ndi inzake pamasiyidwa mpata wokwanira kuima bwino. Onse amadziwa malo okumanirana, kotero kuti wotsalira sathamanga pofuna kupeza anzake.

Ku South Africa, monganso ku Zimbabwe, magalimoto amayenda kumanzere. Kawirikawiri liwiro lololedwa ndi makilomita 60 pa ola m'tauni, 100 m'misewu ya kunja kwa tauni ndi 120 m'misewu ikuluikulu. Pa misewu yamakona zikwangwani zimalamula liwiro lotsika kuposa pamenepa. Aliyense amange lamba, ngakhale wokhala kumbuyo. Woyendetsa asamwe mowa, asagwire foni, ndipo azipuma pakatha maola awiri alionse.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja uli ndi msampha wakewake: kukongola kwake kumakopa maso a woyendetsa. Munthu akangoyang'ana mafunde kwa kamphindi, galimoto ingathe kuphonya kona. Pa chifukwa chimenechi misewu yotere ili ndi malo opatukira. Wofuna kuona nyanja kapena kujambula zithunzi aime pamalo amenewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga okonda liwiro atani? Iwo ali ndi malo awo. Ku Knysna kumachitika mpikisano wotchedwa Simola Hillclimb, kawirikawiri m'mwezi wa Meyi. Magalimoto akale ndi atsopano amapikisana pokwera phiri, koma pa masiku amenewo msewuwo amautseka kuti magalimoto ena asadutse, ndipo opikisana amavala zipewa zodzitetezera. Msewu wa anthu onse si bwalo la mpikisano, chifukwa mumayendanso mabasi, apanjinga ndi ana asukulu.

Ana nawonso ali ndi gawo pa ulendo. Angathe kuwerenga mapu, kutchula zikwangwani ndi kulemba mtunda wa tsiku lililonse. Asasokoneze woyendetsa ndi phokoso, asatulutse mikono pawindo, ndipo asataye zinyalala pamsewu kapena pagombe. M'mapiri a ku Cape muli anyani ambiri. Kuwapatsa chakudya n'koletsedwa, chifukwa akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma anthu.

Gulu limene lawerenga mapu, lafunsa za nyengo, lawerengera mafuta, lakonza magalimoto ndipo lagwirizana malamulo limafika ku Storms River mosangalala. Choposa zonse n'chakuti aliyense amene adanyamuka amabwerera kwawo ali wamoyo.

Mawu ofunika kuwadziwa

Gombe: malo amene mtunda wakumana ndi nyanja.
Phompho: malo ozama kwambiri m'mbali mwa phiri.
Mtsetse: malo otsika a msewu kapena a phiri.
Namgumi: nyama yaikulu kwambiri ya m'nyanja yamchere, imene imayamwitsa ana ake.
Kukocheza: kufika pagombe ndi ngalawa kapena sitima.
Liwiro: kuthamanga kwa chinthu.

Mafunso

1. Kodi Nyanja ya Malawi imasiyana bwanji ndi nyanja ya Atlantic?
2. Kodi msewu wa Chapman's Peak uli ndi makona angati, ndipo udatenga zaka zingati kumangidwa?
3. N'chifukwa chiyani msewu umenewu udatsekedwa m'chaka cha 2000?
4. Tchulani zinthu zisanu zimene makaniko amayang'ana ulendo usanayambe.
5. N'chifukwa chiyani woyendetsa amatsika phiri ali pa giya yaing'ono?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "safunsa adadya phula" mogwirizana ndi nkhaniyi.

Ntchito

1. Phatikizani makilomita a masiku onse asanu. Kodi yankho lanu layandikira 800?
2. Galimoto ina imamwa malita 8 pa makilomita 100 alionse. Kodi idzamwa malita angati pa makilomita 800?
3. Jambulani mapu a gombe la kummwera kwa South Africa ndipo muonetsepo Cape Town, Hermanus, Cape Agulhas, Mossel Bay, Knysna ndi Storms River.
4. Funsani agogo kapena munthu wina wamkulu za ulendo wautali umene adayendapo. Lembani ziganizo zisanu zofotokoza momwe adakonzekerera.