Galimoto wa Waya

M'makomboni a ku Kitwe ndi ku Ndola, dera la migodi ya mkuwa, anyamata amapanga magalimoto a waya. Mmisiri wamng'onoyo amapinda waya, namangirira mawilo a zitsekerero za mabotolo. Potsiriza amalumikiza waya wautali wokhala ndi ciongolero pamwamba pace.

Nzeru yeniyeni ili pa ciongoleroco. Cikafupika, mwini galimoto amayenda cowerama, msana numpweteka. Cikatalikitsa, galimoto samvera dzanja. Cifukwa cace mnyamatayo amayesa wayayo pa msinkhu wa woyendetsa. Kenaka amapatsa mng'ono wace kuti ayendetse, iye napenyetsetsa pamene pakumbvuta, nakonzanso.

Amisiri a mafoni ndi makompyuta amatsata njira yomweyo. Asanagulitse cipangizo, amayamba aciika m'manja mwa anthu wamba, kuti aone ngati agogo angathe kutumiza ndalama pa foni popanda wowathandiza. Maphunziro a makompyuta amapezeka pa Copperbelt University ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1987. Koma phunziro loyamba lili pabwalo: cida cabwino ndico cimene cimvera dzanja la wocigwira.

MAFUNSO
1. Cimacitika nciani ciongolero cikafupika?
2. Mnyamatayo apatsiranji mng'ono wace galimoto?