Mpeni wa Mlangizi: Kusankha, Kunola ndi Kusamala Mipeni Yopinda ndi Yosapinda

Mawu oyamba

Mwa zida zonse zimene mlangizi wa zaulimi amayenda nazo, palibe chimene chimagwira ntchito zambiri ngati mpeni. Ndi mpeni amang'amba tsinde la chimanga pofufuza kapuchi, amadula mbatata kuti aone ngati yaola m'kati, amamezanitsa mango pamaso pa alimi, ndiponso amadula chingwe chomangira katundu panjinga. Koma mlangizi ndi wosiyana ndi mlimi pa chinthu chimodzi. Mlimi amagwira ntchito m'munda mwake momwemo, pamene mlangizi amatha kupyola m'minda isanu kapena khumi dzuwa lisanalowe. Kaamba ka ichi, mpeni wosasamalidwa m'thumba mwa mlangizi ukhoza kunyamula matenda kuchoka m'munda wina kunka m'munda wina, ngakhalenso kuwaolotsa malire a dziko. Phunziro lino likufotokoza za mitundu ya mipeni, ntchito yoyenera mtundu uliwonse, kanoledwe kake, ndi katsukidwe kake.

Mitundu iwiri ya mipeni

Mpeni wopinda ndi uja chitsulo chake chimabwerera m'chogwirira ntchito ikatha. Ubwino wake ndi wakuti ndi wopepuka, umalowa m'thumba, ndipo suvulaza munthu poyenda. Kufooka kwake kuli pa msomali umene chitsulo chimazungulirapo. Mpeni wotere ukagwiritsidwa ntchito yotipula dothi kapena yokanula thabwa, msomali uja umakhwepa, ndipo chitsulo chimayamba kugwedera. Chinanso n'chakuti dothi, utomoni ndi madzi a zomera zimabisala m'mpata wa chogwirira momwe nsalu siifika. Mipeni ina yopinda ili ndi chokhomera chimene chimagwira chitsulo kuti chisapindikire pa zala. Ina imangodalira sipuling'i ya kumsana.

Mpeni wosapinda ndi chitsulo chimodzi chochokera kunsonga mpaka m'kati mwa chogwirira. Chitsulo chikalowa kwambiri m'chogwirira, mpeniwo umakhala wolimba kwambiri. Ulibe malo obisalamo dothi, motero suvuta kutsuka. Uwu ndiwo woyenera ntchito zolemera monga kusenga zikhomo za m'munda wachitsanzo, kudula mphukira za nthochi, ndi kutumbula chiweto chakufa. Koma uyenera kukhala m'chimake nthawi zonse. Mpeni wosapinda wongoponyedwa m'chikwama pamodzi ndi mabuku umaboola chikwama, ndipo tsiku lina udzaboola dzanja la mwini wake.

Chikwanje nachonso chili m'gulu la mipeni yosapinda, ngakhale kuti ntchito yake ndi yotema. Mlangizi asachipeputse, pakuti ndicho chida chimene alimi ambiri amadulira mbewu ya chinangwa, nzimbe ndi nthochi.

Za chitsulo

Zitsulo zopangira mipeni zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi chitsulo chakuda chimene chimachita dzimbiri. Ichi sichivuta kunola ngakhale pa mwala wa kudambo, ndipo chimathwa kwambiri. Koma chikakhudza madzi a mandimu kapena utomoni wa nthochi chimada msanga, ndipo chikasiyidwa chonyowa usiku umodzi m'nyengo ya dzinja chimadzuka ndi dzimbiri. Mipeni yambiri imene amisiri osula a m'midzi amapanga kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto ndi ya mtundu umenewu, ndipo ikasulidwa bwino imagwira ntchito zaka zambiri.

Gulu lachiwiri ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chimene chimasakanizidwa ndi chromium wopitirira magawo 10 pa 100 alionse. Chitsulo chotere chinayamba kudziwika m'chaka cha 1913 kudzera mu ntchito ya Harry Brearley mumzinda wa Sheffield ku England. Chimapirira chinyezi ndi mankhwala otsukira, koma chimatenga nthawi yotalikirapo pochinola. Mlangizi wogwira ntchito m'madera a chinyontho, monga m'mphepete mwa nyanja kapena m'minda yothirira, ndiponso amene amatsuka mpeni wake ndi mankhwala kangapo patsiku, angachite bwino kusankha chitsulo chosachita dzimbiri.

Mipeni yodziwika

Mpeni wopinda wodziwika kwambiri kumwera kwa Africa ndi Okapi. Unayamba kupangidwa m'chaka cha 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, ndipo m'chaka cha 1988 ntchito yoipanga inasamukira ku South Africa. Uli ndi chogwirira cha mtengo, ndipo mtundu wake wotchuka uli ndi kamphete kumsana kamene munthu amakoka pofuna kuupinda. Ndi wotsika mtengo ndiponso wosavuta kunola, koma mbiri yake inaipa chifukwa cha anthu amene amabayana nawo, ndipo ichi chili ndi zotsatira zake pamalamulo monga zafotokozedwa kutsogoloku.

Opinel ndi mpeni wa ku France umene Joseph Opinel anayamba kupanga m'chaka cha 1890. Uli ndi chitsulo chopyapyala chimene chimadula zipatso ndi timitengo tanthete mosalala, komanso mkombero wozungulira umene umakhoma chitsulo. Chogwirira chake cha mtengo chimafufuma chikanyowa, ndipo mpeni umavuta kutsegula. Victorinox, ya ku Ibach m'dziko la Switzerland, inayambitsidwa ndi Karl Elsener m'chaka cha 1884. Imadziwika ndi timipeni tofiira ta zida zambiri, ndipo imapanganso mipeni yomezanitsira mitengo. Pa mipeni yosapinda, ya Mora yochokera ku Sweden, ya chitsulo chotalika pafupifupi masentimita 10, imakondedwa chifukwa ndi yopepuka ndipo imagulitsidwa pamodzi ndi chimake.

Maina amenewa atchulidwa kuti mlangizi awazindikire, osati kuti dzina ndilo limagwira ntchito. M'misika muli mipeni yambiri yongoyerekeza yolembedwa maina otchuka. Pogula, mlangizi atsegule mpeni n'kuugwedeza kuti aone ngati chitsulo chili nji, ayang'ane ngati chili choongoka, ndiponso aufumbate kuti amve ngati ukukwana m'dzanja.

Mpeni womezanitsira

Mpeni umodzi umene suyenera kugwira ntchito ina iliyonse ndi womezanitsira mitengo. Mpeni wamba umanoledwa mbali zonse ziwiri, koma womezanitsira umanoledwa mbali imodzi yokha, ina n'kukhala yafulati. Chifukwa chake ndi ichi. Pakati pa khungwa ndi thima la mtengo pali kachikopa kopyapyala konyowa, ndipo mtengo umakula kuchokera pamenepo. Kuti kanthambi ka mtundu wabwino kagwirane ndi tsinde, tizikopa tiwiriti tiyenera kukhudzana popanda mpata. Mbali yafulati ya mpeni imathandiza kuti bala lituluke losalala ngati galasi, pa kukoka kamodzi kokha. Bala losengedwa kawiri kapena katatu limakhala ndi mabampu. Mpweya ndi madzi zimalowa, ndipo kanthambi kamauma kapena kuola.

Popeza umanoledwa mbali imodzi, pali mpeni wa anthu a dzanja lamanja ndi wa anthu amanzere. Woitanitsa zida za maphunziro a alimi akumbukire zimenezi. Mpeni wophatikira diso, monga momwe amachitira ndi malalanje pa tsinde la mandimu, umakhala ndi kachotukulira kobuntha, kumsana kwa chitsulo kapena kumapeto kwa chogwirira, kokanulira khungwa popanda kulikanda.

Luso limeneli ndilo lathandiza kufalitsa mango, mapeyala ndi makadamiya a mitundu yabwino kuchokera m'malo a kafukufuku monga Bvumbwe ku Malawi, ndipo ku Makoka ofufuza analigwiritsa ntchito pa masuku pofuna kuti mtengo wa kutchirewu uzibereka msanga pakhomo. Mitengo ikakanika kugwirana pa nazale, anthu amathamangira kunamizira nyengo kapena pulasitiki yomangira. Mlangizi ayambe wayang'ana mpeni.

Kunola

Mpeni wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa, pakuti munthu amaukankha ndi mphamvu ndipo ukaterereka umapita kutali. Umaphwanyanso chomera m'malo mochidula. Mbewu ya chinangwa, imene imadulidwa motalika masentimita 25 mpaka 30, ikatemedwa ndi chikwanje chobuntha imang'aluka ndi kusendeka khungwa, ndipo imauma isanaphuke. Ponola atsate izi:

1. Anyowetse mwala wonolera ndi madzi, ndipo auike pamalo posagwedera.

2. Agoneke chitsulo pamwala n'kutukula msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 20. Kupendeka kumeneku kusasinthe mpaka atamaliza.

3. Akhule kuchokera kuchogwirira mpaka kunsonga, kufikira chala chitamva kam'mphepete kopindika mbali inayo. Pamenepo atembenuze.

4. Mpeni womezanitsira aunole mbali yopendekera yokha. Mbali yafulati aigoneke bwinobwino pamwala n'kuikhula pang'ono chabe, kungochotsa kam'mphepete kaja.

5. Amalize pokoka chitsulo chammbuyo pa lamba wachikopa.

Tupa ndi ya chikwanje ndi khasu, osati mpeni womezanitsira. Makina onolera othamanga amatenthetsa chitsulo. Chikasanduka chobiriwira ndiye kuti chafewa, ndipo sichidzasunganso kuthwa. Mpeni wonoledwa bwino umadula pepala lolendewera popanda kuling'amba.

Mpeni ndi matenda a mbewu

Chitsanzo chachikulu ndi matenda ofotetsa nthochi oyamba ndi bakiteriya wa Xanthomonas. Matendawa anadziwika koyamba ku Ethiopia m'chaka cha 1968, anapezeka ku Uganda m'chaka cha 2001, ndipo m'zaka zotsatira anafalikira ku Democratic Republic of Congo, Rwanda, Tanzania, Kenya ndi Burundi. Masamba amachita chikasu n'kufota, nthochi zimapsa zisanakhwime ndi kuola m'kati, ndipo thunthu likadulidwa limatulutsa madzi achikasu onanda ngati mafinya. Madzi amenewa akamatirira pa chikwanje amalowa m'thunthu lotsatira. Ndicho chifukwa chake alimi a m'maiko amenewo amalangizidwa kuthyola duwa lolendewera kunsi kwa mkoko ndi ndodo ya mphanda, osati kulidula ndi mpeni. Alangizi a m'madera oyandikana ndi maikowa, ndiponso onse opita kumeneko kukaphunzira, ayenera kusamala kwambiri ndi zida zawo.

Mu nzimbe muli matenda opinimbiritsa mphukira, amene alibe zizindikiro zooneka bwino kunja, koma amayenda pa zikwanje zodulira mbewu ndi zokololera. Mu mbatata ya kachewere, kudula mbewu ndi mpeni umodzi kumafalitsa bakiteriya wofotetsa kuchoka pa mbatata imodzi yodwala kunka pa mulu wonse. Mu fodya ndi matimati, kachirombo kochititsa mawanga pamasamba kamayenda pa manja ndi pa zida. Mu malalanje, matenda osenda khungwa la tsinde otchedwa exocortis amayenda pa mpeni womezanitsira, kotero nazale yonse ikhoza kudwala kuchokera pa mtengo umodzi.

Sikuti matenda onse amayenda motere. Chisaka cha nthochi, chimene chinaononga minda ku Nkhata Bay ndi ku Thyolo, chimafala ndi nsabwe za nthochi ndiponso mphukira zodwala, osati mpeni. Mlangizi ayenera kusiyanitsa zimenezi kuti alimi asaganize kuti kutsuka chikwanje kwateteza munda ku matenda onse.

Kutsuka

Choyamba ndi kupukuta dothi ndi utomoni, chifukwa mankhwala sagwira ntchito pa chitsulo chakuda ndi litsiro. Kenaka aviike chitsulo m'madzi a jiki, muyeso umodzi wa jiki pa miyeso isanu ya madzi. Madziwa asakanizidwe tsiku lomwelo, pakuti amatha mphamvu akakhalitsa, makamaka padzuwa. Sipiriti amapha mabakiteriya ambiri, koma sadalirika pa exocortis. Pa malalanje pamafunika jiki. Kumene kulibe mankhwala, chikwanje chiwaulidwe pa lawi la moto mpaka chitatentha, koma chisafiire. Mpeni womezanitsira usaikidwe pamoto.

Jiki amadya chitsulo. Ntchito ikatha, mpeni utsukuluzidwe ndi madzi oyera, uumitsidwe, ndipo upakidwe kadontho ka mafuta ophikira, osaiwala pa msomali wa mpeni wopinda. Mpeni umene watumbula chiweto chakufa kapena watsegula botolo la mankhwala ophera tizirombo usasendenso chipatso chodya munthu.

Podutsa malire

Malamulo a mipeni ndi osiyana dziko ndi dziko. Ku Zimbabwe lamulo limaletsa mipeni yofwamphuka yokha ndiponso ina yokhoma ikatsegulidwa, ndipo anthu akhala akumangidwa atapezeka ndi Okapi. Ku South Africa, lamulo la zida zoopsa la m'chaka cha 2013 limayang'ana ngati pali chifukwa chokayikira kuti munthu akufuna kuchita nacho choipa chida chimene wanyamula. M'ndege, mpeni suloledwa m'chikwama cha m'manja. Choncho mlangizi wopita kumsonkhano kapena kukaona minda kunja afunse za malamulo asananyamuke, asankhe mpeni wosakhoma, ausunge m'bokosi la zida pamodzi ndi zomangira ndi mwala wonolera, ndipo autsuke asanachoke komanso asanabwerere kwawo.

Zoyenera kukumbukira

Mlangizi akhale ndi mipeni itatu: wopinda wa ntchito za tsiku ndi tsiku, wosapinda wa m'chimake wa ntchito zolemera, ndi womezanitsira. Ngati ndalama sizilola, ayambe ndi womezanitsira ndi wopinda mmodzi wotsika mtengo. Alimi amatengera zimene aona mlangizi akuchita kuposa zimene amva akunena, motero pa chionetsero chilichonse aone mpeni ukutsukidwa usanakhudze mtengo wachiwiri.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa alangizi

1. Kodi ndi mbewu ziti za m'dera lino zimene zimadulidwa ndi chida chimodzi m'minda yambiri, monga zikwanje za aganyu ndi za ogula nthochi?

2. Kodi jiki ndi sipiriti zimapezeka m'magolosale a m'midzi, ndipo alimi angazikwanitse pa mtengo wake?

3. Kodi amisiri osula a m'dera lino angathe kupanga mpeni womezanitsira wonoledwa mbali imodzi ataonetsedwa chitsanzo?