Kanema ndi Madzulo a Banja: Phunziro la Makolo ndi Akatekisi

M'phunziro la ulendo uno tikambirane za mlendo amene analowa m'nyumba zathu mwakachetechete, ndipo tsopano wakhala pampando wa mwini nyumba. Mlendoyo ndiye kanema. Ambiri amafunsa ngati kuonera kanema ndi tchimo. Koma lilipo funso lina loposa limenelo: nthawi imene kanema amadya, timailanda kwa yani?

1. Kumene kanema anachokera

Pa 28 Disembala 1895, mumzinda wa Paris, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu amene analipira pakhomo. Kwathu kuno makolo athu ankaona kanema mwa apo ndi apo, galimoto ya boma ikafika pabwalo ndi kupachika chinsalu choyera. Mudzi wonse unkasonkhana, ndipo nkhani ya usiku umodziwo inkakambidwa mwezi wathunthu. Wailesi ya kanema ya dziko la Malawi inayamba mu 1999. M'misika munachuluka tinyumba toonetsera mafilimu a ku Nigeria ndi ankhondo, ndipo lero mafilimu ambirimbiri amakwana m'foni imodzi ya m'manja. Kale munthu ankapita kukaona kanema. Tsopano kanema ndiye amatsata munthu kufikira pamphasa pake.

2. Zimene Eklezia amaphunzitsa

Eklezia sadana ndi kanema. Papa Pius XI analemba kalata yonena za kanema, Vigilanti Cura, mu 1936, ndipo Papa Pius XII analemba Miranda Prorsus mu 1957, akuwonjezapo za wailesi ndi wailesi ya kanema. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica. Chikalatacho chimawerengera kanema pakati pa zinthu zodabwitsa zimene nzeru za munthu zatulukira ndi chithandizo cha Mulungu. Komanso chimalangiza achinyamata kuti aziona ndi kumva zinthuzi modziletsa, nakambirana ndi aphunzitsi awo zimene aona, ndipo chimakumbutsa makolo udindo wawo waukulu wosalola kuti zowononga chikhulupiriro ndi makhalidwe zilowe m'nyumba mwawo.

Mu 1995, pokumbukira zaka 100 za kanema, ofesi ya ku Vatican yoona za kufalitsa nkhani inatchula mafilimu 45 ofunika. Pakati pake pali Monsieur Vincent, yosimba moyo wa Vincent de Paul Woyera, ndi A Man for All Seasons, yosimba za Thomas More Woyera. Nakonso kwathu zilipo zabwino. The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, imasimba za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina opukusidwa ndi mphepo atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi umphawi. Filimu yotere banja lingaone pamodzi ndi kupindula nayo.

3. Tiwerenge nthawi

Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Filimu imodzi imatenga ngati maola awiri. Munthu woonera imodzi tsiku lililonse amatha maola 730 pa chaka, ndiwo masiku 30 usana ndi usiku. Akamaonera ziwiri, chifukwa yoyamba inathera pokoma, wataya miyezi iwiri. Ndani mwa ife angavomere kusiya banja lake miyezi iwiri chaka ndi chaka popanda chifukwa? Koma ambiri timachita zomwezo tili khale m'nyumba mwathu.

Maolawo sachotsedwa pa nthawi ya kumunda kapena ya kuntchito, pakuti pamenepo njala ndi bwana zimatilondera. Amachotsedwa madzulo, pamene palibe wotilondera. Ndipo madzulo ndiwo chuma cha banja. Ndi nthawi imene bambo ndi mayi amapangana za mawa, ana amafotokoza za kusukulu, agogo amayamba nthano ndi zilapi, ndipo onse amagwada kupemphera Korona.

4. Amene amalipira mtengo wake

Oyamba ndi ana. Mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa ndi munthu. Chinsalu chimalankhula, koma sichimva mwana akalira kapena akafunsa. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndi kuti wa zaka ziwiri kufikira zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Okulirapo nawonso, akazolowera tinyumba ta kumsika, amaona zimene makolo awo sanazisankhe, ena amathawa sukulu, ena amayamba kutola tindalama ta ndiwo kuti alipire pakhomo. Kuongola mtengo mpoyamba.

Achiwiri ndi okalamba ndi odwala. Lamulo lachinayi la Mulungu silithera pa kupereka nsima ndi chofunda. Gogo amene wakhala yekha pakhonde, adzukulu onse ataunjikana pa foni, wakhuta m'mimba koma mtima uli ndi njala. Wodwala amafuna womutembenuza, wommwetsa mankhwala pa nthawi yake, ndi wokhala naye pafupi ngakhale mosalankhula.

Achitatu ndi anansi. Mwambo wathu ngwakuti mlendo akaodira timamlandira katundu, timamyalira mphasa, timamlonjera ndi kufunsa za kumene wachokera. Lero mlendo amalowa, napatsidwa mpando woyang'ana kanema, nachoka osanena chimene anadzera. Chikhalirecho mwina anabwera ndi nkhawa yofuna malangizo.

Otsiriza ndi okwatirana eni ake. Pa 11 Novembala 2015 Papa Francisco, pophunzitsa za kudyera pamodzi, anachenjeza kuti banja limene silidyera pamodzi, kapena limene pa chakudya limangoyang'ana kanema ndi foni osalankhulana, likuchepa pa ubanja wake. Mwamuna ndi mkazi amene saonana m'maso amasanduka alendo ogona nyumba imodzi.

5. Zoti tichite

Choyamba, musankhe filimu musanakhale pansi, ndipo ikatha muzimitse. Munthu wosasankha amaonera chilichonse chimene chabwera.

Chachiwiri, pa nthawi ya chakudya ndi ya mapemphero kanema akhale wozimitsa ndipo mafoni akhale patali. Lamuloli liyambe ndi bambo ndi mayi, chifukwa mwana amatsata mapazi koposa mawu.

Chachitatu, muonere pamodzi ndi ana anu, ndipo pambuyo pake muwafunse: ndani anachita bwino m'nkhaniyi? Ndani analakwa? Iwe ukadatani? Potero filimu imagwira ntchito imene nthano inkagwira pamoto.

Chachinayi, udindo utsogole, chisangalalo chitsate. Wodwala ayambe wazondedwa, gogo ayambe wacheza nanu, ntchito ya kusukulu iyambe yalembedwa. Pa Mulungu masana, mutabwerako ku Misa, mupatule nthawi yokaona mbale kapena mnansi.

Inu akatekisi, musangodzudzula. Thandizani makolo kupeza mafilimu abwino, ndipo nthawi zina muonetse imodzi pa tchalitchi ndi kutsogolera zokambirana.

Mafunso okambirana m'miphakati

(a) Mlungu wathawu, banja lathu linadyera pamodzi kangati kanema ali wozimitsa?
(b) Kodi tikudziwa zimene ana athu anaonera dzulo, ndi kumene anazionera?
(c) M'mphakati mwathu ndani wokalamba kapena wodwala amene watha mwezi osachezeredwa, ndipo ndani apite kukamuona mlungu uno?

Banja Loyera la ku Nazareti litiphunzitse kupatsana nthawi, pakuti madzi akatayika saoleka.